Makadeno a M'mtsuko

Akazi a ku Chiputo ankati Quitéria ali pamitala. Ankanena moseka, pachitsime kapena pamtondo, kuti mkazi mnzake ndi makadeno asanu ndi awiri, mabuku olembamo amene mwamuna wake, Virgílio, ankasunga m'kabati ya pasukulu. Quitéria ankaseka nawo, nanga akanatani, koma mumtima zinkamuwawa. Mkazi mnzako wamagazi ungathe kumulalatira, mwinanso kumuthira madzi otsukira mbale. Nanga mapepala ungawatani? Amangokhala phee, mwamuna ali nawo mpaka dzuwa kupendeka.

Virgílio anali mwana wa komweko. Ansembe ataona kuti mutu wake ukugwira, anamutumiza ku Tete, kenako anakafika mpaka ku sukulu yaukachenjede ku Maputo kumene ankaphunzira fizika. Ufulu utabwera aphunzitsi ambiri achizungu anapakira katundu wawo n'kunyamuka, ndipo mu 1977 ophunzira ngati iye anauzidwa kuti atseke kaye mabuku, akaphunzitse ana kumidzi. Anabwera kwawo atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Anafika ndi malaya awiri, buku limodzi lonenepa ngati njerwa, ndi funso limene mphunzitsi wake, Dona Olga, anamusiyira asanasamukire kutsidya la nyanja. Funso limenelo ndi limene linadzaza makadeno aja, tsamba ndi tsamba, kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Quitéria anali woumba mbiya, monga analili mayi ake, a Carolina. Kusukulu anangofika podziwa kulemba dzina lake. Virgílio anayesapo kangapo kumufotokozera zimene ankalembazo, koma munthuyo ankayambira kutali, Chipwitikizi chili mbwee, mpaka mkazi kuyamba kuyasamula. Tsiku limene anamvana linali limodzi lokha, ndipo amene anayambitsa anali Quitéria mosadziwa.

Anali atawotcha mitsuko dzulo lake, ndiye masana amenewo ankaiyesa pakhonde. Ankanyamula umodzi, kuugogoda ndi mfundo ya chala, kutchera khutu, n'kuuika kumanja kapena kumanzere. Virgílio anafika kuchokera kusukulu, manja ali mbuu ndi choko, n'kuona mtsuko wokongola wofiirira ukuikidwa kumanzere, kwa yokanidwa.

"Make Adelina, umenewo mwaukaniranji? Ine mng'alu sindikuuona."

"Maso amanama, apulofeso. Tamverani." Anagogoda wina wabwino, unalira kuti ngwee. "Mtsuko wamoyo uli ndi mawu awiri. Aang'ono amayamba n'kuzimirira msanga, aakulu amatsalira. Akagwirizana, mtsuko ndi wathunthu. Uwu mawu ake akukangana. Ukapita kuchitsime kawiri, kachitatu udzabwerako mapale."

Virgílio anakhala pansi pafumbi ndi buluku lake lakuntchito, limene mkaziyo anali atachapa ndi sopo wotsiriza.

"Gogodaninso," iye anatero.

Quitéria anagogodanso.

"Ndi zimenezitu! Tamverani, make Adelina. Kumwambaku kuli nyenyezi zikuluzikulu zimene zikafa zimagwera mkati mwa izo zokha, n'kusanduka dzenje lakuda. Cholowa m'menemo sichituluka, ngakhale kuwala kumene. Nthawi zina maenje awiri otere amazungulirana, kuyandikizana, mpaka kugundana n'kukhala dzenje limodzi. Latsopanolo limanjenjemera ngati mtsuko wanuwu mukaugogoda, ndipo kunjenjemerako kumayenda ngati mafunde, kudutsa thambo lonse mpaka kufika kuno."

"Ine sindinamvepo."

"Palibe amene anamvapo. Makina omvera akuganiza zowapanga kumene. Tsono mabuku amati dzenje lotere lili ndi zinthu ziwiri zokha: kulemera kwake, ndi liwiro limene likuzungulira nalo. Ngati n'zoona, mawu ake oyamba ndi achiwiri ayenera kunena kulemera kumodzimodzi ndi liwiro limodzimodzi. Akasemphana, ndiye kuti mabukuwo ali ndi mng'alu. Ine ndikuwerengetsa kuti mawuwo ayenera kumveka bwanji, kuti tsiku limene makina adzamve, anthu adzakhale ndi poyerekezera."

Quitéria anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye zaka zonsezi mukugogoda mtsuko umene simunauonepo?"

"Eya."

"Amuna inu!"

Anaseka mpaka misozi, iyenso Virgílio anaseka. Tsiku limenelo Quitéria anamukonda kwambiri mwamuna wake, ndipo anamukhululukira za buluku lija.

Chimene Virgílio ankafuna chinali chimodzi: makadenowo akafike m'manja mwa Dona Olga, awapende, amuuze ngati walondola kapena walakwa. Ku Chiputo kunalibe wina woti n'kumuuza. Pachikuto cha kadeno aliyense analembapo keyala ya mayiyo ndi zilembo zikuluzikulu, ngati kuti makadenowo angadzuke n'kudziyendera okha. Koma galimoto ya kamyau imene inkabwera ndi makalata kuchokera ku Fingoè inali itasiya kubwera kuyambira mu 1984, chifukwa mumsewu munali mutakwiriridwa mabomba. Nkhondo inali itafika m'boma lonse la Marávia.

Anthu a mfuti ochokera m'tchire ankadana kwambiri ndi sukulu ndi zipatala. Akalowa m'mudzi ankayang'ana zala za amuna, ndipo wopezeka ndi choko kapena mapepala sankamufunsa dzina. Mu Seputembala 1986 kunamveka kuti mphunzitsi wa ku Chipera aphedwa pamaso pa ana ake asukulu. Aphunzitsi ena a m'deralo anathawira ku Zambia sabata yomweyo. Virgílio anatsala, ndipo m'mawa uliwonse ankamenya chitsulo choitanira ana ngati kuti nkhondo ilibe makutu.

Quitéria anamuyembekeza pakhomo Lamlungu akuchokera kutchalitchi.

"Bambo ake Adelina, makadeno aja awotcheni. Apo ayi, tiyeni tiwanyamule tiwoloke ku Zambia mawa lomwe. Kumeneko makalata akuyenda."

"Ndatsala ndi masamba ochepa. Ndikatumiza chinthu chosatha, Dona Olga adzapenda chiyani?"

"Pakadafunda padajiwitsa galu, mukudziwa inu."

"Komanso ana makumi anayi aja ndiwasiyire ndani? Mayeso ali pafupi."

"Nanga Adelina mudzamusiyira ndani?"

Virgílio anakweza maso m'mwamba. Anali ndi khalidwe limeneli, loti funso likamuvuta ankangoyang'ana pamwamba pa mutu wa wofunsayo ngati yankho lalembedwa padenga. Quitéria anapsa mtima koopsa. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake analibe kotulukira kwina koma m'mkwiyo.

Mawa lake anayamba ntchito ya mitsuko ikuluikulu. Tsono oumba a kumeneko ali ndi mwambo wawo. Kuyambira tsiku lokumba dothi kumtapo mpaka tsiku lowotcha, woumba amadika: sagona mphasa imodzi ndi mwamuna wake, kuopa kuti mbiya zingasweke pamoto. Ndipo kumtapoko, kumene amakumba dothi m'mphepete mwa mtsinje, mwamuna sapondako phazi. Masabata oterewa Quitéria ankagona kwa mayi ake, koma nthawi zonse inkakhala nkhani yoseketsa pakati pa awiriwo. Virgílio ankabwera kudzaima kunja kwa mpanda n'kumafunsa kuti, "Mitsukoyo iuma liti, abwana?" Ulendo uno mwambowo unamupatsa Quitéria chobisaliramo. Mwamuna akabwera kumpanda, iye ankatuma mayi ake kuti akanene kuti manja ake ali ndi dothi.

Lachinayi m'mawa, mame asanakamuke, anapita kusukulu ana asanafike. Kabati ija loko wake anathyoka kalekale, ankangoimanga ndi waya. Anamasula wayayo, anatenga makadeno onse asanu ndi awiri, anawakulunga m'kapulana, nsalu yake yovala yakale, n'kumanganso waya monga anamupezera. Kumtapo anali atasungako mtsuko wowotcha kale, wolimba. Anathira phulusa pansi pake kuopa chiswe, anaikamo mtolowo, anathiranso phulusa, anavundikira ndi phale n'kumata ndi dothi, monga momwe amasungira mbewu ya mtedza. Kenako anaukwirira m'khoma la dzenje la mtapo n'kufafaniza mapazi ake.

Tinene zoona, nzeru imeneyi inali yabwino. Munthu wa mfuti, ngakhale woipa bwanji, sangaganize zokafukula mapepala kumtapo kwa akazi. Sukulu ikanapsa makadeno akanatsala, ndipo Virgílio akanagwidwa sakanamupeza ndi pepala lililonse. Chinatsala n'chimodzi chokha, kumuuza mwini wake.

Mpata unalipo. Pobwerera kumudzi kukatenga khasu anakumana naye panjira yopapatiza, pakati pa minda ya mapira, iye akupita kukatsekula sukulu. Virgílio anapatuka n'kuponda m'udzu wonyowa kuti mkazi adutse.

"Mwadzuka bwanji, make Adelina?"

"Ndadzuka."

Anadutsa osacheuka. Mawu anali pakamwa pomwepa, koma anawameza dala. Ankadziwa kuti mwamunayo amatsekula kabati masana okha, ana akaweruka. Ankafuna kuti atsekule, apeze mulibe kanthu, mtima wake usweke kwa tsiku limodzi, amveko mmene iyeyo amamvera tsiku lililonse chitsulo chija chikamalira. Madzulo akanamuitana kumpanda n'kumuuza, mwina moseka. Unali mkwiyo wa m'banja basi, wonga umene akazi ndi amuna amachitirana kulikonse n'kudzaiwala.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Dzuwa litangokwera pang'ono, Quitéria ali kumtapo ndi akazi ena atatu, Adelina ali kumsana, mfuti zinalira cha kumsika. Poyamba kamodzi, kenako mosalekeza. Utsi unakwera. Akaziwo anataya makasu n'kulowa m'bango, m'madzi ofika m'chiuno, ndipo anakhala m'menemo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Quitéria anatseka pakamwa pa mwana ndi bere. Ankapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti Virgílio atulukire khomo lakuseri.

Anatulukiradi khomo lakuseri. Zimenezi Quitéria anazimva tsiku lachiwiri kwa a Teodoro, akatekista a tchalitchi chawo, amene anathawira kuphiri pamodzi ndi anthu ambiri. Virgílio anatulutsa ana onse, anawadutsitsa m'khwawa, anafika nawo kuphiri osasowa ndi mmodzi yemwe. Anali atapulumuka. Anawawerenga kawiri, anawapereka m'manja mwa a Teodoro, kenako anayang'ana kumunsi kumene denga la sukulu linali lisanayambe kuyaka.

"Ndikubwera," iye anatero. "Ndikatenge makadeno."

A Teodoro anamugwira malaya. Malayawo anang'ambika, iye n'kutsetsereka.

Anthu a mfuti atachoka, amuna anatsika kukaona. Anamupeza m'kalasi, atagona chafufumimba patsogolo pa kabati. Denga linali litapsa mbali imodzi. Waya uja anali womasulidwa bwinobwino, kabati ili yasa, mkati mulibe kanthu. Onse anagwirizana kuti ankhondowo atenga makadenowo kukakulungira fodya. Anamuika m'manda mofulumira kuseri kwa sukulu, opanda bokosi, opanda nyimbo, aliyense khutu lili kutchire.

Quitéria anaimirira pafupi ndi kabatiyo nthawi yaitali. Zimene ankafuna zinali zitachitika ndendende: mwamuna wake anatsekula, anapeza mulibe kanthu, mtima wake unasweka. Chinthu chomaliza chimene anachidziwa padziko n'chakuti zaka zake zisanu ndi zinayi zapita. Akazi analira mokweza, iye misozi sinatuluke. Anthu anati ndi wolimba mtima, chonsecho ankaopa kuti akangotsekula pakamwa chituluke si maliro koma choonadi.

Mudzi wonse unanyamuka tsiku lachitatu, kulowera ku Malowera kenako kumalire a Zambia. Aliyense anasenza chimene akanatha: ufa, mabulangeti, nkhuku, wina makina osokera. Quitéria anapita kumtapo, anafukula mtsuko uja, anauika pankhata. Mwana kumsana, mtsuko pamutu, malo a china chilichonse panalibe. Bulangeti anasiya, mphika wophikira anasiya.

"Mbewu ukaibzala m'munda wa yani kumeneko?" anafunsa a Carolina. "Mwanangu, maliro akuzungulitsa mutu."

Anthu onse anangotenga kuti mumtsukomo muli mtedza. Tsiku loyamba palibe amene anasamala. Tsiku lachiwiri ufa unatha, ana anayamba kulira, maso onse anatembenukira pamutu pa Quitéria. Atapuma pamthunzi wa mlambe, mayi wina wa ana anayi anamuyandikira.

"Make Adelina, tsekulani timwazire anawa pang'ono. Mbewu tidzapeza ina."

"Simuli chakudya umu."

"Nanga muli chiyani?"

Anangokumbatira mtsukowo ndi miyendo. Anamunena zambiri tsiku limenelo: woumira, wouma mtima, mayi wanji amene mwana wake akulira njala iye ali ndi mtedza pamutu. Mayi ake enieni anachita manyazi n'kukakhala patali. Akanangoswa phale lija onse akanaona kuti ndi mapepala, nkhani n'kutha. Koma a Teodoro anali pomwepo, ndi malaya ong'ambika aja atawapinda m'thumba, ndipo akanafunsa funso limodzi lokha. Quitéria anasankha kutukwanidwa.

Ku Zambia anawaika pa malo a anthu othawa nkhondo, n'kupatsa banja lililonse kachigawo koti limangepo msasa. Sabata yoyamba Quitéria anatenga mtsuko uja kupita nawo kutchire yekha, anauswa ndi mwala. Makadeno anali bwinobwino, ongonunkha phulusa. Anatsekula lotsiriza. Manambala ankatsika mwadongosolo, m'kalembedwe kakang'ono kaja, n'kudzathera pakati pa tsamba. Apo ndi pamene analira koyamba, chokweza, kopanda womumva.

Pa kachipatala ka pamalopo panali sisitere wina amene ankapita ku Lusaka mwezi ndi mwezi. Quitéria anamupatsa mtolowo n'kuloza keyala ya pachikuto. Sisitereyo anafunsa ngati pali kalata yoti iyende nawo. Quitéria anapukusa mutu, pakuti kulemba sankadziwa, ndipo wom'lembera akanayenera kumva zonse. Choncho makadeno anawoloka nyanja okha, ndi keyala ya kachipatala kaja kumbuyo kwa phukusi.

Panapita chaka ndi miyezi iwiri. Quitéria anapeza dothi labwino kumtsinje wa kumeneko, anayambanso kuumba, Adelina anayamba kulankhula Chinsenga kuposa Chinyanja. Dzina la woumira silinamuchoke. Mwezi uliwonse ankadutsa pa kachipatala kukafunsa, mpaka ogwira ntchito pamenepo anayamba kupukusa mitu iye asanafike n'komwe. Sisitere uja anasamutsidwa. Kenako tsiku lina, mvula yoyamba itagwa, anamuitana n'kumupatsa envulopu yopyapyala yokhala ndi masitampu achilendo. Dzina la wotumiza analizindikira, chifukwa ankaliona pachikuto cha makadeno. Kalatayo inalembedwa kwa Virgílio.

Anaisunga masiku atatu m'kapulana. Inali m'Chipwitikizi, ndipo mwa anthu a kwawo amene anali pamalopo, wodziwa kuwerenga Chipwitikizi cha anthu ophunzira anali mmodzi. Tsiku lachinayi masana anapita kwa a Teodoro. Anawapeza pa chisakasa chimene ankapemphereramo, akukonza benchi.

"Akatekista, mundiwerengereko iyi."

A Teodoro anapukuta manja, anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, anayang'ana dzina la pa envulopu, kenako anayang'ana Quitéria. Anatsekula pang'onopang'ono. Anawerenga mzere woyamba chamumtima n'kuima.

"Akuti alandira makadeno asanu ndi awiri."

"Werengani."

"Make Adelina, makadeno ake ati?"

"Werengani kaye, bambo."

Anawerenga, chiganizo chimodzi m'Chipwitikizi, kenako n'kumasulira. Dona Olga ankati phukusi linafika likununkha phulusa, lopanda ngakhale kakalata, ndipo anakwiya nazo pang'ono, koma atatsekula tsamba loyamba anaiwala kukwiya. Anakhala miyezi itatu akupenda mzere ndi mzere. M'kadeno lachinayi anapezamo cholakwa, koma atafika m'lachisanu anaona kuti Virgílio anachigwira yekha n'kuchikonza. Masamba amene anatsala osamaliza anawamaliza iye m'masabata awiri, chifukwa njira inali italambulidwa kale.

A Teodoro anapitiriza.

"Akuti, 'Mawerengero ako ndi olondola. Ndikuuze zoona, pali ena kuno amene anapeza manambala omwewa zaka zitatu zapitazo, pogwiritsa ntchito makina akuluakulu owerengera, ndiye dziko silidzati unayamba ndiwe. Koma iwe unafika pomwepo ndi pensulo, uli wekha. Mawu oyamba ndi achiwiri a dzenje lakuda uli nawo bwino lomwe. Makina owamvera sanamangidwe, mwina patenga zaka makumi awiri kapena atatu. Ine ndidzakhala nditapita, koma iwe ukadali mnyamata, udzawamva ndi makutu ako.'"

Quitéria anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, maso ali pa zala zakumapazi.

"Pali zinanso?"

"Akuti akupezera malo pa sukulu yawo kuti ukamalize chaka chako chija." A Teodoro anasokonezeka, anakonza. "Kuti akamalize. Akuti atumize mayina a mkazi wake ndi ana ngati alipo, kuti akonze mapepala a ulendo a nonse. Akuti ayankhe msanga."

Kunja ana ankasewera m'matope. A Teodoro anapinda kalatayo, anavula magalasi, anawagwira m'manja.

"Ine ndinalowa m'kalasi muja," iwo anatero motsitsa mawu. "Kabati inalibe kanthu. Makadenowa munawapeza kuti?"

"Muli ndi pepala?"

Anali nalo, lothothola m'buku la maina a obatizidwa. Anakhala pa benchi yosamaliza ija, analiika pabondo.

"Lembani kuti, Dona Olga, ndine Quitéria, mkazi wake wa Virgílio. Kalata yanu yafika. Mwini wake sadzaimva. Anamupha mu Okutobala 1986 pa sukulu yake, atabwerera kukatenga makadeno amenewo."

Cholembera chinayenda. Quitéria anadikira kuti chiime.

"Lembani kuti makadenowo m'kabati munalibe. Ndinali nditawachotsa ine m'mawa womwewo, ndinawamatira mumtsuko. Ndinakumana naye panjira, anandipatsa moni, sindinamuuze, chifukwa ndinali nditakwiya. Akanadziwa sakanatsika phiri lija."

Cholembera sichinayende. A Teodoro anayang'ana mkaziyo nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inagwa. Mwina ankakumbukira za pamlambe paja, mwina za malaya amene anawatsalira m'manja.

"Mwanangu," iwo anatero, "zimenezi n'zouza Mulungu. Mayi wakutaliyu sakufunika kuzidziwa."

"Mulungu analipo, anaona. Amene sakudziwa ndi anthu. Lembani."

Analemba. Mawu ena anachita kuwabwereza. Atamaliza anamupatsa cholembera, Quitéria analemba dzina lake pansi, chilembo chimodzichimodzi, monga anaphunzirira ali mwana. Misozi inali ikutsika tsopano ndipo sanaipukute. Mtima unkamuwawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa yankho limene mwamuna wake analidikira zaka zisanu ndi zinayi linali litafika, labwino, n'kupeza iye yekha.

A Teodoro anayamba kubwezera kalata ya Dona Olga mu envulopu, koma iye anawagwira dzanja.

"Bwerezani paja akuti analondola. Musamasulire. Munene m'Chipwitikizi momwemo, pang'onopang'ono."

"Mukufuna mutani nazo?"

"Njira ikadzatseguka ndidzapita kuseri kwa sukulu kuja. Ndikufuna ndikamuuze monga mmene aphunzitsi ake alembera, asadzati ndawonjezera ine pofuna kumusangalatsa."

A Teodoro anavalanso magalasi, anafufuza mzerewo ndi chala.

"As tuas contas estão certas."

Quitéria anayesa, lilime linakana. Anayesanso, mawu anathyokera pakati.

"Bwerezaninso, bambo," iye anatero.